Kandimverere Adakanena za M'maluwa: Mbiri ya Buku la Maulendo Limene Lidaponyedwa mu Zambezi

Mwa miyambo imene Achewa ndi Amang'anja adasunga kuyambira kale, mwambo wa malonje ndi umodzi mwa imene ikuzilala. Mlendo akafika pamudzi, eni khomo ankamulandira katundu, kumuyalira mphasa ndi kumupatsa madzi akumwa. Akapumula, wamkulu wa pakhomopo ankamufunsa malonje. Pamenepo mlendo ankafotokoza mwatsatanetsatane za kumene wachokera: amene wawasiya ali bwino ndi amene akudwala, mmene mvula yagwera, mitsinje imene wawoloka, midzi imene wagonamo, ndiponso zoopsa zimene wakumana nazo panjira. Mwa njira imeneyi munthu amene sadatulukepo m'dera la kwawo ankadziwa za maiko amene sadawapondepo. Koma malonje adali ndi chitetezo chake. Omvera ankamudziwa wolankhulayo, ankadziwa ngati ndi munthu wokonda kukokomeza nkhani, ndipo ankatha kumudula mawu ndi kumufunsa kuti, "Nanga padoko paja mudawoloka bwanji?" Mawa lake pakadutsa mlendo wina wochokera komweko, nkhani ziwirizo ankaziyerekeza.

Buku la maulendo ndi malonje olembedwa. Ubwino wake ndi wakuti limafika kutali kumene mawu a pakamwa sangafike, ndipo limalankhulabe mwini wake atamwalira kale. Kuipa kwake ndi kwakuti silifunsika. Wowerenga sangalidule mawu, sangaone nkhope ya wolemba, ndipo kawirikawiri alibe mlendo wachiwiri woti atsimikize kapena atsutse. Akuluakulu akale adali ndi mwambi wochenjeza munthu wodalira makutu a mnzake, wakuti kandimverere adakanena za m'maluwa. Tanthauzo lake ndi lakuti munthu wotumidwa kukamvera nkhani m'malo mwa mwini wake amatha kubwera ndi zokometsera kapena zopanda pake, n'kusiya mutu weniweni wa nkhaniyo. Mbiri ya buku limodzi lotchuka, limene lidakhudza tsogolo la dziko la Malawi, ikuonetsa kulemera kwa mwambi umenewu.

Mu Febuluwale 1863, m'mphepete mwa mtsinje wa Zambezi, m'dziko limene lero ndi Mozambique, mlaliki wachinyamata wa ku Scotland dzina lake James Stewart adatsikira kumadzi atanyamula buku lalikulu. Adaliponya mumtsinje ndi mphamvu zake zonse, nabwerera kukalemba zimene adachitazo m'kabuku kake ka zochitika za tsiku ndi tsiku. Buku limene adaliponyalo ndi lomwe lidamuchotsa kwawo, la Missionary Travels and Researches in South Africa, lolembedwa ndi David Livingstone. Kuti munthu amvetse mkwiyo wa Stewart, ayenera kuyamba wadziwa mmene bukulo lidalembedwera, zimene lidanena, ndi zimene lidasiya.

Mwana wowerenga m'fakitale

Livingstone mwiniwake adayamba kudziwa maiko ena mwa kuwerenga. Adabadwa mu 1813 ku Blantyre, mudzi wa m'mphepete mwa mtsinje wa Clyde ku Scotland, ndipo ali ndi zaka 10 adayamba ntchito m'fakitale yopota thonje. Ntchito inkayamba 6 koloko m'mawa ndi kuweruka 8 koloko usiku, kenako ana ankapita kusukulu ya usiku. Mnyamatayo ankatsamiritsa buku pa makina opotera ulusi kuti aziwerenga pang'onopang'ono akamadutsa, ndipo mabuku amene ankawakonda koposa adali a sayansi ndi a maulendo. Atakula adawerenga pempho la mmishonale wa ku Germany, Karl Gützlaff, lofuna madokotala achikhristu ku China, ndipo adaphunzira udokotala n'cholinga chopita kumeneko. Nkhondo imene idabuka pakati pa Britain ndi China mu 1839 idamutsekera njira. Ali ku London adakumana ndi Robert Moffat, mmishonale wa ku Kuruman, amene adamufotokozera za midzi yambirimbiri ya kumpoto kumene uthenga udali usadafike. Motero munthu amene adakopeka ndi zowerenga za China adakatsikira ku Cape Town mu 1841.

Ulendo umene udamutchukitsa udachitika pakati pa 1853 ndi 1856. Adanyamuka ku Linyanti, likulu la Amakololo, nafika ku Luanda, kugombe la nyanja ya Atlantic, mu Meyi 1854. Atabwerera adaona mathithi a Mosi-oa-Tunya mu Novembala 1855, nawatcha dzina la Mfumukazi Victoria, natsika ndi Zambezi mpaka ku Quelimane mu Meyi 1856. Ulendowu sakadautha payekha. Mfumu Sekeletu ya Amakololo ndiyo idamupatsa amuna 27 opita naye kumadzulo, ndi ena oposa 100 opita naye kummawa, pamodzi ndi ng'ombe ndi minyanga ya njovu, chifukwa mfumuyo inkafuna njira yakeyake ya malonda yofika kunyanja yamchere. Kwa Sekeletu, Livingstone adali mthenga wotumidwa. Kwa anthu a ku Britain, adali ngwazi yoyenda yokha m'dziko losadziwika.

Zimene buku lidanena ndi zimene lidasiya

Livingstone adafika ku London mu Disembala 1856, ndipo wosindikiza mabuku John Murray ndiye adatenga ntchito yotulutsa nkhani ya ulendo wake. Bukulo, la masamba pafupifupi 700, lidatuluka mu Novembala 1857 pa mtengo wa mashilini 21, ndalama yoposa malipiro a sabata a wantchito wamba. Ngakhale zidali tero, makope 12,000 oyamba adatha kugulidwa bukulo lisadafike m'masitolo, ndipo onse amene adagulitsidwa adafika pafupifupi 70,000.

Bukulo silidali la mabodza. Livingstone adaphunzira kuyeza malo poona nyenyezi kwa Thomas Maclear, katswiri wa zakuthambo wa ku Cape Town, amene dzina lake lidatsalira pa Cape Maclear ku Mangochi, ndipo miyeso yake idathandiza kukonza mapu. Adalemba za mitengo, nyama, matenda a ng'ombe ndi kashembe, amene chithunzi chake chidaikidwa patsamba loyamba. Popeza adalankhula bwino Chitswana, adalemba miyambo ya anthu mosamala kuposa azungu ambiri a nthawi imeneyo. Adalembamo ngakhale mtsutso wa pakati pa dokotala wachizungu ndi sing'anga wa mvula wa Abakwena, osachepsa nzeru za sing'angayo. Owerenga amene ankaganiza kuti pakati pa Africa ndi chipululu cha mchenga adadziwa kuti kuli mitsinje ikuluikulu, nkhalango, minda, osula zitsulo ndi mabwalo a milandu.

Koma wolembayo adali ndi cholinga. Ankakhulupirira kuti malonda a akapolo adzatha pokhapokha malonda ena ndi Chikhristu zitalowa pakati pa Africa, ndipo kuti zimenezi zitheke pankafunika msewu. Msewu wake udali Zambezi. Sitima zikadakwera kuchokera kunyanja yamchere mpaka kumtunda kwa Atonga, pafupi ndi mathithi, kumene azungu akadakhala osadwala ndi kugula thonje lopita ku mafakitale a ku Lancashire, amene pa nthawiyo ankadalira thonje lolimidwa ndi akapolo ku America. Khotekhote ngwa njira, palinga mtima mpomwepo. Chilichonse chogwirizana ndi cholingacho chidapeza malo aakulu m'buku, ndipo chilichonse chotsutsana nacho chidachepetsedwa.

Zochepetsedwa zikuluzikulu zidali ziwiri. Choyamba chidali Kebrabasa. Kumayambiriro kwa 1856, atadutsa Zumbo, Livingstone adawolokera kutsidya la kummwera nadula njira ya pamtunda yolunjika ku Tete, kusiya mtsinje ukukhota pakati pa mapiri. Pamalo amene adawalambalalawo mpamene Zambezi ankapanikizika pakati pa matanthwe, madzi akuwinduka pa miyala mtunda wautali. Adamva kuti kuli mathithi, koma sadapite kukaona, ndipo m'buku adawatchula ngati kanthu kakang'ono. Lero malowo adamizidwa ndi damu la Cahora Bassa, limene lidamalizidwa mu 1974. Chachiwiri chidali malungo. Iye mwini adadwala malungo kambirimbiri, koma adali ndi thupi lolimba ndi mankhwala ake osakaniza ndi kwinini, ndipo adalemba mwa njira yoti wowerenga aone ngati nthendayo ndi yosaopsa kwenikweni. Nthawi imeneyo padalibe wodziwa kuti malungo amadza ndi udzudzu, pakuti Ronald Ross adatsimikiza zimenezi mu 1897.

Owerenga anyamuka

Pa 4 Disembala 1857 Livingstone adalankhula kwa ophunzira ndi aphunzitsi a yunivesite ya Cambridge, nawapempha kuti apitirize ntchito imene iye adayamba. Zotsatira zake, ku Cambridge ndi ku Oxford, ndipo pambuyo pake ku Dublin ndi ku Durham, kudabadwa bungwe la Universities' Mission to Central Africa. Boma la Britain lidapereka mapaundi 5,000 kuti Livingstone abwerere ku Zambezi ndi sitima ya pamadzi. Nalo bungwe la London Missionary Society, limene lidamutuma poyamba, lidakonza zotumiza mabanja kwa Amakololo. Ambiri mwa okonza zimenezi adali anthu amene pakati pa Africa adapadziwira pa pepala.

Oyamba kulipira mtengo adali a ku Linyanti. Holloway Helmore ndi Roger Price adafika kumeneko ndi akazi awo ndi ana mu Febuluwale 1860, atavutika ndi ludzu m'chipululu. Ankayembekeza kupeza Livingstone akuwadikira ndiponso Amakololo ali okonzeka kusamukira kumtunda kopanda malungo. Sadapeze chimodzi mwa ziwirizi. Linyanti adali pakati pa madambo, ndipo Sekeletu sadafune kuchokapo chifukwa madambowo ndiwo ankamutchinjiriza kwa Amandebele a Mzilikazi. Pofika mu Julayi chaka chomwecho, mwa azungu 9 a m'gululo, 6 adali atamwalira: Helmore, mkazi wake, ana awo awiri, mkazi wa Price ndi khanda lake, pamodzi ndi ena mwa Atswana amene adawaperekeza.

Ulendo wa boma udafika pa matsiriro a Zambezi mu Meyi 1858 ndi sitima yotchedwa Ma Robert, dzina limene Atswana ankaitanira Mary, mkazi wa Livingstone, monga mmene Achewa angatchulire kuti amake Robert. Chakumapeto kwa chaka chimenecho Livingstone ndi dokotala John Kirk adakwera miyala yotentha ya Kebrabasa naona ndi maso awo kuti sitimayo singadutse. Komabe m'kalata yopita kuboma Livingstone adalemba kuti sitima yamphamvu ikhoza kudutsa nthawi ya madzi osefukira. Msewu wa m'buku utatsekeka, adatembenukira ku mtsinje wa Shire, ndipo umo ndi mmene dziko la Amang'anja lidalowera m'nkhaniyi.

Mu Januwale 1859 adakwera Shire mpaka pamene mathithi adamuimitsa. Mathithiwo adawatcha dzina la Murchison, koma eni dziko amawadziwa kuti Kapichira, Mpatamanga, Tedzani ndi Nkula. Mu Epulo adayenda pansi kuchokera kwa Chibisa nafika ku nyanja ya Chilwa, ndipo mu Seputembala adadutsa m'mapiri nafika pa nyanja yaikulu. Nyanjayo sidali yobisika. Asodzi ankaphamo nsomba kuyambira makedzana, amalonda achiyao ankaiwoloka popita ku Kilwa, ndipo ku Tete mu 1856 wamalonda wina, Candido Cardoso, adali atamuuza kale za iyo. Ngakhale dzina limene adailembera, la Nyassa, m'Chiyao limangotanthauza nyanja.

Makalata amene adatumiza ku Britain adayamikira mapiri a ku Shire kuti ndi ozizira bwino, a nthaka yachonde, okhalamo anthu akhama olima thonje, oluka nsalu ndi osungunula chitsulo m'ng'anjo. Zonsezi adazionadi. Koma adaziona m'chilimwe, akudutsa, kwa masabata owerengeka. Mwambi wakuti mlendo ndi mame umaphunzitsa eni khomo kuleza mtima popeza mlendo sachedwa kuchoka, koma uli ndi mbali inanso: wochoka msanga sadziwa mmene mudzi umakhalira m'dzinja, m'chaka cha chilala, kapena pa nthawi ya nkhondo.

Magomero

Bishopu Charles Mackenzie, katswiri wa masamu wa ku Cambridge amene adatumikirapo ku Natal, adadzozedwa ku Cape Town pa 1 Januwale 1861. Adafika kwa Chibisa, m'boma la Chikwawa la lero, mu Julayi, sitima ya Pioneer itatha masabata ambiri ikutitimira pa mchenga wa mu Shire. Dziko limene adalipeza silidali la m'makalata a 1859. Ayao othawa nkhondo ndi njala kummawa kwa nyanja adali akulowa m'mapiri ndi kulimbirana malo ndi Amang'anja, ndipo ogula akapolo a ku Tete adali atatsata njira yomwe Livingstone adatsegula. Pa 16 Julayi, pa mudzi wa Mbame, gululo lidakumana ndi mdipiti wa akapolo 84, ambiri mwa iwo amayi ndi ana, nkuwadulira magoli ndi zingwe. Amishonale adakhazikika pa Magomero, m'mphepete mwa mtsinje wa Namadzi, kwa mfumu Chigunda. Posakhalitsa anthu amene adabwera kudzalalikira adapezeka atanyamula mfuti, akumenyana ndi Ayao ndi kutentha midzi yawo, pa mkangano umene sadaudziwe chiyambi chake.

Mu Januwale 1862 Mackenzie adatsikira ku Shire ndi mnzake Henry Burrup kukachingamira mlongo wake ndi mkazi wa Burrup, amene ankabwera pa sitima. Bwato lawo lidatembenuzika usiku, ndipo mankhwala onse, kuphatikizapo kwinini, adatayika. Bishopuyo adamwalira ndi malungo pa 31 Januwale pa kachilumba ka pamene Ruo amathira mu Shire, pafupi ndi Chiromo, ali ndi zaka 36. Burrup adamuika m'manda, nabwerera ku Magomero atanyamulidwa, namwalira patapita masabata atatu. Amayi awiri aja adafika kwa Chibisa kudzangolandira uthenga wa maliro. Pa 27 Epulo Mary Livingstone nayenso adamwalira ku Shupanga. Mvula ya chaka chimenecho idakanika, ndipo njala ya 1862 ndi 1863 idapha Amang'anja osawerengeka, kotero kuti mitembo inkaoneka ikuyandama mu Shire. Amishonale ena awiri adamwalira kwa Chibisa, boma la Britain lidaitanitsa Livingstone mu 1863, ndipo bishopu watsopano, William Tozer, adasamutsira mishoni ku Zanzibar mu 1864.

Zambiri mwa izi James Stewart adaziona yekha. Adali atawerenga buku la Livingstone ku Scotland, nasonkhanitsa anthu ofuna kuyambitsa mishoni ya mpingo wa Free Church, nabwera kudzaona malo. Adayenda ulendo umodzi ndi Mary Livingstone, ndipo ndiye adatsogolera mwambo wa maliro ake. Atakwera Shire kukafuna minda ya thonje ndi mapiri opanda matenda, adapeza midzi yopsa, anthu owonda ndi njala, ndi thonje lochepa kwambiri poyerekeza ndi limene ankayembekeza. Poponya buku m'madzi ankalanga kandimverere wake. Koma mlandu sudali wa wolemba yekha. Stewart ndi anzake adawerenga mawu a munthu mmodzi, wodutsa kamodzi, wokhala ndi cholinga chimodzi, nawatenga ngati chiweruzo chomaliza. Pa bwalo la mfumu mlandu suweruzidwa pomva mbali imodzi, ndipo ukwati sumangidwa ndi nkhoswe wa kuchimuna yekha.

Zimene owerenga adasiyira dziko

Mbiriyi sithera pa Zambezi. Mu 1865 Livingstone ndi mng'ono wake Charles adatulutsa buku lachiwiri, la ulendo wa ku Zambezi ndi ku Shire, limene lidafotokoza poyera nkhanza za malonda a akapolo m'dera la nyanja. Pa nkhani imeneyi umboni wake udali woona, ndipo pamodzi ndi makalata ake a pambuyo pake udathandiza kuti mu Juni 1873 Sultan Barghash wa ku Zanzibar asaine pangano lotseka msika wa akapolo, John Kirk yemwe uja ali nthumwi ya Britain. Livingstone adali atamwalira masabata ochepa m'mbuyomo kwa Chitambo, m'dziko limene lero ndi Zambia. Anzake a paulendo, motsogozedwa ndi Abdullah Susi ndi James Chuma, adanyamula thupi lake miyezi 9, mtunda woposa makilomita 1,500, mpaka ku Bagamoyo. Chuma adali Myao, mmodzi wa ana amene adamasulidwa ku ukapolo mu 1861. Pamene Horace Waller, amene adakhalapo pa Magomero, ankakonza zolemba zomaliza za Livingstone mu 1874, nkhani ya masiku otsiriza adaitenga pa malonje a Chuma ndi Susi, amene adaitanidwira ku Britain. Komabe Waller adachotsamo mawu ena aukali a malemuyo kuti mbiri yake isadetsedwe, motero nalonso bukulo lidafika kwa owerenga litapetedwa.

Pa maliro a ku Westminster Abbey pa 18 Epulo 1874 padali James Stewart, amene pa nthawiyo adali mkulu wa sukulu ya Lovedale ku South Africa. Mwezi wotsatira, pa msonkhano waukulu wa mpingo wake, munthu yemwe adaponya buku mu Zambezi ndiye adapempha kuti kunyanja kukhazikitsidwe mishoni yotchedwa Livingstonia. Kusiyana kwake kudali kwakuti tsopano adali atadzionera yekha. Gulu limene lidatumidwa lidali ndi dokotala, Robert Laws, ndi amisiri, ndipo sitima yawo ya Ilala idapangidwa moti iphwasulidwe ndi kusenzedwa pamutu polambalala mathithi a Shire. Idalowa m'nyanja pa 12 Okutobala 1875. Mishoni ya Blantyre idatsatira mu 1876, ndipo kampani ya malonda imene idadzadziwika kuti Mandala idayamba mu 1878.

Mu 1889, Apwitikizi atafuna kutenga mapiri a ku Shire, abusa ndi akulu a mipingo zikwizikwi a ku Scotland adasaina chikalata chopempha boma lawo kuti lisalole. Pafupifupi onsewo sadaonepo Shire, koma ankaitenga ngati yawo chifukwa adaiwerenga. Mu 1891 Britain idalengeza kuti dzikolo lili pansi pa chitetezo chake. Pamodzi ndi sukulu ndi zipatala padabwera msonkho wa nyumba ndi kulandidwa kwa malo. Thonje la m'buku lija lidalimidwadi pa Magomero, koma pa esiteti ya banja la Bruce, limene mwana wamkazi wa Livingstone, Agnes, adakwatiwako, ndipo olima adali anthu a thangata. Pa esiteti yomweyo mpamene anthu a John Chilembwe adapha woyang'anira, William Jervis Livingstone, mu Januwale 1915.

Mboni zina zidalankhula mochedwa. Kabuku ka Stewart kadasindikizidwa mu 1952, zolemba za Kirk mu 1965, ndipo mbiri ya Magomero yomvera nawonso eni mudzi idalembedwa ndi Landeg White mu 1987. Owerenga a 1857 adalibe zimenezi. Owerenga a lero ali nazo.

Ulendo wobwerera

Kuwerenga kudanyamutsanso anthu kulowera mbali inayo. Legson Kayira, mnyamata wa kumpoto amene adaphunzira pa sukulu ya sekondale ya Livingstonia, adawerenga za Abraham Lincoln ndi Booker T. Washington, natsimikiza mtima kuti akaphunzira ku America. Mu Okutobala 1958 adanyamuka wapansi, wopanda nsapato, atanyamula Baibulo, buku la Pilgrim's Progress, bulangete ndi kankhwangwa. Mabuku adamuuza za anthu osauka amene adakwera chifukwa cha maphunziro, koma sadamuuze za pasipoti, za chitupa cholowera m'dziko la eni, kapena za kutalika kwenikweni kwa njira. Zimenezi adazidziwira panjira, akugwira maganyu ndi kudwala. Ku Kampala adalowa m'nyumba yowerengeramo mabuku, napeza mndandanda wa makoleji a ku America, nalembera kalata Skagit Valley College ya m'chigawo cha Washington, imene idamulandira. Adafika ku Khartoum atayenda makilomita oposa 3,000, ndipo mu Disembala 1960 adatsikira ku America. Pambuyo pake adaphunzira mbiri yakale ku Cambridge, mzinda umene Livingstone adalankhulamo mu 1857. Buku lake la I Will Try lidatuluka mu 1965, patatha zaka 100 chitulukireni buku la Shire lija, ndipo ulendo uno wopereka malonje adali mwana wa dzikolo. Adamwalira ku London mu 2012.

Palibe munthu angayende maiko onse, ndipo wokana kumva za kwa eni amakhala ngati mwana amene amayesa kuti dziko limathera pa phiri la kwawo. Chifukwa chake kutuma kandimverere sikulakwa, ndipo kuponya buku m'madzi sikubweza amene adamwalira. Chofunika ndi kubwezera m'kuwerenga chitetezo chimene malonje adali nacho. Wowerenga buku la maulendo, kapena nkhani ya mtundu womwewo pa intaneti, akhoza kulifunsa mafunso amene mkulu wa pakhomo akadafunsa. Adamutuma ndani wolembayu, ndipo ankafuna kuti akapeze chiyani? Adakhala masiku angati, m'nyengo iti? Ndi pati pamene adasiya mtsinje n'kudula njira ya pamtunda? Adamusenzera katundu ndi kumumasulira chilankhulo ndani, ndipo iwowo akadalemba akadati chiyani? Kodi pali mlendo wachiwiri wochokera komweko? Mnyamata wa ku Mangochi wokonzekera ulendo wa ku Johannesburg chifukwa cha zithunzi zimene mnzake watumiza ali pamalo pomwe padaima Stewart mu 1861, ndipo mafunso ake ndi omwewa. Akale adati safunsa adadya phula. Helmore, Mackenzie ndi Burrup adali anthu ophunzira ndi olimba mtima, ndipo buku adaliwerenga bwino, koma padalibe wowauza za madambo a Linyanti m'dzinja, kapena za bwato lotembenuzika usiku mu Shire.